Dzino la Nasimango ndi Makina a Mfumu

Mu ufumu wa Musakhudze muli lamulo limodzi lomwe ngakhale mwana wakubere amalidziwa: chinthu cha mfumu sichichotsedwa m'pulasitiki. Linayamba ndi agogo ake a mfumu ilipoyi, amene analandira njinga yakapalasa kuchokera kwa alendo n'kuiimika pakhonde osaisenda. Njingayo ilipo mpaka lero, ikuwala ngati yafika dzulo. Sinapiteko kulikonse, komanso sinabookepo tayala. Ana asukulu amapita kukaiona kuti aphunzire kusamala katundu.

N'chifukwa chake kubwalo la mfumu, mumzinda wa Pamthunzi, mipando yonse ndi yokutidwa. Nduna zikamakhala imalira, zikamadzuka imaliranso, buluku litamatira kumbuyo ndi thukuta. Alendo akafunsa za phokosolo amauzidwa kuti chitukuko chimamveka choncho.

Kunja kwa mzindawo, pamalo otchedwa Dikirani, panali Nyumba ya Kafukufuku wa Mbewu. Munkagwira ntchito madokotala a zaulimi asanu ndi mayi mmodzi, Nasimango, amene sukulu anailekeza Sitandade 7. Pakalata yake ya ntchito analemba kuti Wothandiza Wachitatu, koma aliyense ankamudziwa kuti ndi woluma. Chimanga chikabwera kuchokera kumunda, iye ankatapa njere imodzi pathumba lililonse n'kuiluma ndi dzino lakumanja. Ikalira gwa n'kusweka, ndiye kuti chauma, thumba lisokedwe. Ikangofinyika mwakachetechete, ankapukusa mutu, chimangacho n'kubwerera padzuwa. Madokotala ankaima chapafupi ndi mabuku awo kulemba zomwe dzino lanena, koma m'Chingerezi.

Mkulu wa gululo, Dokotala Zingalume, anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi akukwatitsa mitundu ya chimanga kuti apeze chopirira chilala. Anachipeza, n'kuchitcha Namapirira. Mbewu yake yonse padziko lapansi inali matumba makumi anayi, ndipo onse anali m'chipinda chimodzi ku Dikirani. Midzi makumi anayi ya kuseri kwa phiri, komwe chimanga chinapsa zaka ziwiri zotsatizana, inkadikira thumba limodzi limodzi. Umodzi mwa midziyo unali kwawo kwa Nasimango. Amayi ake anali atauza kale mudzi wonse, mpaka kumaliro, kuti mwana wawo akubweretsa mbewu.

Chovuta chinali choti chimangacho anachikolola kukugwa mvula yamawawa. Lachiwiri Nasimango analuma njere makumi anayi, ndipo palibe ndi imodzi yomwe inalira.

"Masiku asanu ndi awiri padzuwa," anatero. "Mukachisokera chonchi, pofika mvula mudzatsegula chuku chokhachokha."

Dokotala Zingalume analemba zimenezo m'Chingerezi.

Lachitatu m'mawa, chimanga asanachitulutse n'komwe, kunamveka malipenga. Inali Nduna ya Zatsopano, a Nyezimani, m'galimoto lomwe mipando yake, chiwongolero chake ngakhale galasi loonera kumbuyo zinali m'pulasitiki. Apolisi anayi anatsitsa bokosi ngati akutsitsa mazira.

"Abale anga ofufuza," inayamba nduna, "mfumu yamva kuti maiko oyandikana nafe akutiseka. Akuti sayansi ya ku Musakhudze ili ndi malovu."

Kenako inatambasula kalata n'kuwerenga: "Ife Sindilakwa Wachinayi talamula. Choyamba, chinyontho cha mbewu chiziyezedwa ndi makina athuwa basi. Chachiwiri, kuluma mbewu pa nthawi ya ntchito ndi mlandu. Chachitatu, zimene makina anena, mfumu yanena."

Onse anaomba m'manja. Nasimango anaombanso, chifukwa mwana wake Ndaziona, amene anali kumsana, ankakonda phokoso la m'manja.

"Nanga chimanga chija, adokotala?" ananong'ona.

"Chidikire maphunziro," anayankha Dokotala Zingalume, maso ali pa nsapato.

Maphunziro anachitikira kuhotelo masiku atatu. Tsiku loyamba madokotala anaphunzira kunyamula bokosi. Tsiku lachiwiri anaphunzira kulitsitsa. Tsiku lachitatu anajambulitsa ndi kulandira ziphaso, zomwenso zinali m'pulasitiki. Nasimango sanaitanidwe, poti udindo wake unali utathetsedwa. Anamupatsa wina, Wopukuta Makina, pamodzi ndi kansalu kachikasu.

Wopukuta chinthu ndi amene amachidziwa. Makinawo anali aakulu ngati wailesi. Pamwamba panali kakapu kothiramo njere, m'kakapumo munali timano tiwiri tachitsulo, ndipo kutsogolo kunali magetsi awiri, lofiira la chimanga chonyowa ndi lobiriwira la chouma. Zonsezi zinali zokutidwa, ndi timano tomwe. Buku la malangizo nalo linali lomatidwa, koma pachikuto pake panali chithunzi chachikulu: dzanja likusenda pulasitiki pa timano tija, muvi ukuloza kumbali. Chithunzi chimenecho sichinkafuna Sitandade 8.

Lolemba nduna inabweranso kudzaonerera kuyeza koyamba. Dokotala Zingalume anathira njere za thumba loyamba. Getsi lobiriwira. Thumba lachiwiri, lobiriwira. Pofika thumba la makumi anayi, chimanga chonse chinali chitauma popanda kuona dzuwa, ndipo chipindamo munkamveka kale kafungo ngati ka zovala zoiwalidwa m'beseni.

Nasimango anawakokera adokotala pambali.

"Makinawa ali ndi mano ngati ine, adokotala. Koma inu munayamba mwalumapo chinthu mutavala jumbo kumano?"

"Chithunzi chija ndinachiona, mayi. Ndinachiona tsiku loyamba lomwelo."

"Ndiye?"

"Ndiye ndili ndi ana anayi."

Nasimango anawamvetsa. Womaliza kusenda cha mfumu anali mphunzitsi wina amene anachotsa pulasitiki pa wotchi yapakhoma kuti aziona nthawi bwino. Anamutumiza ku Chipululu cha Ganizani kukawerenga miyala, ndipo chino n'chaka chachisanu ndi chinayi asanamalize.

Koma mbewu siidziwa kuti munthu ali ndi ana angati. Nasimango anatenga buku lija, n'kugwada pamaso pa nduna.

"Pepani bwana, ine Chingerezi sindimva. Koma dzanja ili likuchita chiyani?"

A Nyezimani anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa.

"Ili ndi dzanja la mbava," anatero. "Eni makinawa akutichenjeza. Mukaona munthu akuchita chonchi, mudzatiuze."

Nasimango anadzuka, n'kupita pakona pomwe panali ndowa yokolopera. Anatungamo madzi ndi chivindikiro cha botolo, n'kuwathira m'kakapu ka makina. Getsi lobiriwira linayaka mosangalala ngati kale.

Madokotala asanu anayang'ana kudenga, aliyense pamalo akeake. Nduna inayang'ana getsi, inayang'ana ndowa, kenako inakonza tayi.

"Dokotala, lembani."

"Ndilembe kuti chiyani, bwana?"

"Zimene mwaona. Kafukufuku si kulemba zimene waona?"

Madzulo ake wailesi ya ufumu inalengeza kuti ofufuza a ku Dikirani, pogwiritsa ntchito makina amakono, apeza kuti madzi a ku Musakhudze ndi ouma, ndipo palibe dziko lina m'chigawo chino lomwe lafika pamenepo. Inalengezanso kuti matumba a Namapirira asokedwa Lachinayi.

Mawa lake Nasimango anadzera pamsika wa Tangomva kukagula sopo. Nkhani inali itafika kale.

"N'chifukwa chake mpope wa kwathu sutulutsa kanthu," ankatero wogulitsa makala. "Madzi amatuluka ndithu, koma ouma. Ife timangodandaula chifukwa cha umbuli."

"Ine mkaka wanga musadzaunenenso," anayankha wogulitsa mkaka. "Zomwe ndimathiramozo n'zouma."

"Amake Ndaziona, bwerani kuno," anaitana a Nagama, mayi wonenepa wogulitsa mtedza. "Zikomo kwambiri kuntchito kwanuko. Dzulo mdzukulu wanga wakodza pamphasa, ndangomugoneka pomwepo. Pouma."

Nasimango sanaseke. Anakhala pa thumba la a Nagama n'kumasula mwana kuti ayamwe.

"Mbewu ikuola, mayi. Ndipo kuyanika chinthu chomwe mfumu yanena kuti chauma, ndiye kuti ukuti mfumu yanama."

A Nagama anali kalikiliki kutembenuza mtedza womwe anaumwaza pamkeka, padzuwa penipeni. Nasimango anatola umodzi n'kuufinya. Unali wauwisi.

"Kodi kuyanika pamsika suja analetsa?"

"Analetsa, mwanawe. Ndani akuyanika? Ine ndikuonetsa malonda."

"Kuyambira liti?"

"Lero ndi tsiku lachitatu. Pofika Loweruka akhala ataoneka mokwanira."

Nasimango anamuchotsa mwana kubere asanakhute, n'kumubereka akulira. Sopo anaiwala.

Nasimango atawafotokozera nzeru yomwe anaitola kumsika, Dokotala Zingalume anakana kawiri. Kachitatu Nasimango anawatengera pa matumba aja. Anangopisa dzanja pakati pa thumba, n'kuwagwiritsa chimanga chomwe chinali chitayamba kutentha chokha ngati mwana wamalungo. Adokotala anachigwira nthawi yaitali. Kenako anapempha kuti awasitire jekete.

Lachitatu anaonekera kubwalo. Nasimango analowa nawo chifukwa makina sankayenda popanda wowapukuta. Mfumu Sindilakwa Wachinayi inali yofatsa, ya mawu otsika, yokonda kugona masana. Sinkalakwa chifukwa sinkachita kanthu payokha.

"Mfumu yanga," anayamba adokotala, akuwerenga pepala, "zimene makina anu achita n'zazikulu. Kungozisokera m'matumba anthu osaziona kungakhale kubisa ulemerero wanu. Gulu lathu likupempha Chionetsero cha Chimanga Chouma, pasimenti ya pabwalo lanu pano, masiku asanu ndi awiri."

Mipando inalira pamene nduna zinkatembenukirana. Mawu oti chionetsero ankakondedwa kwambiri ku Pamthunzi.

"Bwanji masiku asanu ndi awiri?" inafunsa mfumu.

Pepala la adokotala linalibe yankho la funso limenelo.

"Kuti a kutali nawonso afike, mfumu," anatero Nasimango ali chogwada, akupukuta makina.

"Nanga bwanji padzuwa? Anthu anga apsa."

"Pamthunzi zithunzi zimada, mfumu. Ndipo tizichitembenuza pafupipafupi, adani anu asanene kuti tabisa chonyowa kunsi."

Mfumu inagwedeza mutu pang'onopang'ono. A Nyezimani, poona mutuwo, anadzuka msanga mpando n'kulira, ndipo anakumbutsa bwalo kuti ganizo la chionetsero analitchula ndi iwo kalekale m'galimoto. Anasaina okha chilolezo, ndi dzina lawo lonse.

Choncho Namapirira anamwazidwa pasimenti, pansi pa chikwangwani chachikulu cholembedwa kuti MPHATSO YA MFUMU KWA ALIMI. Madokotala asanu anavula majekete n'kugwira mafosholo. Nasimango ankayenda m'chimangamo wopanda nsapato, akuchipalasa ndi mapazi. Anthu ankabwera pamzere kudzaona. Alimi ankagwada, n'kupisa dzanja, n'kuyang'ana kumwamba.

"Chauma bwino," anatero mlimi wina wachikulire tsiku lachiwiri, wapolisi ataima pambali pake. "Mawa chidzakhala chitauma bwino kuposa pamenepa."

A Nagama ankabwera tsiku lililonse. Ankati sanaonebe mbali zonse.

Tsiku lachisanu, cha m'ma 2 koloko masana, mphepo inasintha. Nasimango anayamba kuimva pakhosi, kenako anaona mitambo ikutsika phiri. Anathamangira pomwe nduna inakhala, pansi pa ambulera.

"Bwana, mvula ikubwera. Tipatseni chofunditsira."

"Mvula ndi chiyani, mayi?"

"Ndi madzi, bwana."

"Nanga madzi ndi otani? Suja munathira ndinu ndi manja anu? Mukufuna kutsutsa kafukufuku wanu yemwe?"

Dontho loyamba linagwa pa ambulera. Lachiwiri linagwa pamutu pa Ndaziona. Dokotala Zingalume anali atavula malaya n'kufunditsa kachigawo ka chimanga kokwana mbale imodzi, ndipo anaima pamenepo ndi vesiti, osadziwa chovula china. Zaka zisanu ndi chimodzi zinali pasimenti. Nasimango anaganiza za amayi ake akulengeza kumaliro. Anakweza maso, n'kuona chikwangwani.

"Bwana, pepani, ine kuwerenga kumandivuta. Apo alemba kuti chimangachi n'cha yani?"

"N'cha mfumu. Si mukuona?"

"Ndimaona ngati ndalakwitsa. Ndiye kuti lero ndi tsiku lachisanu chinthu cha mfumu chili pambalambanda, chopanda pulasitiki, anthu akuchigwiragwira." Anamukonza mwana kumsana. "Ine ndi wopukuta chabe. Koma amene anasaina chilolezo chija, kaya ku Ganizani miyala yatsala ingati."

Nduna inadzuka mofulumira moti mpando unatsala utamatira kumbuyo kwake masitepe awiri.

Ufumu wa Musakhudze ukhoza kusowa mankhwala, choko kapena mafuta, koma pulasitiki sunasowepo. Mosungira katundu wa kubwalo munatuluka mipukutu yoonekera mkati, yaikulu ngati mitengo ya bulugama. Apolisi anathamanga, alembi anathamanga, Nduna ya Zachuma inagwira kona imodzi, a Nagama kona ina akuiuza kuti ikoke ngati munthu wadya. Pamene mvula inkatsika mwamphamvu, chimanga chonse chinali chitafundidwa, ndipo a Nyezimani anaima pakati pa mvula youma ija, madzi akutsika m'makutu, akulamula kuti pasaoneke njere ndi imodzi yomwe.

Mawa lake dzuwa linawala, ndipo Nasimango anapeza kuti wadzitchera yekha msampha. Pansi pa pulasitiki chimanga chinayamba kuchita thukuta ngati nduna pampando. Atagwira kona kuti afundukule, wapolisi anatsokomola.

"Cha mfumu sichichotsedwa m'pulasitiki, mayi. Mwatikumbutsa nokha dzulo."

Apa ndi pomwe Dokotala Zingalume analankhula popanda pepala koyamba m'zaka zambiri.

"Palibe akuchotsa, achimwene. Koma pulasitiki ikagona pachimanga imachita nkhungu, anthu saona mphatso. Tiikweze pang'ono. Kuikweza si kuichotsa."

Wapolisi anaganiza, n'kupeza kuti lamulo silinenapo za kukweza. Anatulutsa mipando ya kubwalo n'kuindandalika m'mbali, pulasitiki n'kuikoka pamwamba pake ngati denga, mphepo ikudutsa kunsi. M'katimo munatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Adokotala analowamo chokwawa, natuluka thukuta lili kamukamu, maso akuwala, n'kuyamba kulemba mofulumira. Nasimango anasuzumira m'bukumo. Ulendo uno analemba m'Chichewa.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, belu la nkhomaliro litalira, Nasimango anakhala pansi m'mphepete mwa simenti, n'kumasula kamphika kake ka mbatata. Lamulo linkaletsa kuluma mbewu pa nthawi ya ntchito. Za nthawi ya nkhomaliro silinanene. Anatola njere imodzi yomwe mphepo inaitulutsira kunja, n'kuiika padzino lakumanja. Madokotala asanu anali ataima chapafupi, aliyense akuyang'ana kwina.

Gwa.

Palibe anatembenuka. Dokotala Zingalume anangotulutsa mpango n'kumina nthawi yaitali.

Madzulo ake makina anayeza chimangacho pamaso pa mfumu, ndipo getsi lobiriwira linayaka. Mfumu inawaveka makinawo mendulo, pamwamba pa pulasitiki. A Nyezimani anakwezedwa kukhala Nduna ya Zatsopano Kwambiri. Mbewu inathiridwa m'matumba apulasitiki pansi pa denga lomwe lija, matumba n'kumatidwa, n'kutumizidwa kumidzi makumi anayi, lililonse ndi kalata yokumbutsa kuti thumbalo ndi mphatso ya mfumu, wolitsegula akawerenga miyala.

Amayi ake a Nasimango analiika thumba lawo pa mpando m'nyumba ya sukulu, anthu n'kumabwera kudzaliona. Anatumiza uthenga kwa mwana wawo kufunsa kuti kodi mbewu yosatsegula imadzalidwa bwanji. Nasimango anayankha kuti asadandaule, angokonza mizere, koma asamale chifukwa chaka chino mbewa zachuluka.

Lipoti la Dokotala Zingalume la mwezi wa Disembala linafika kubwalo ndi nkhani yachisoni. Linati mbewa za kuseri kwa phiri zaonetsa khalidwe lomwe sayansi sinalionepo. Zinaboola matumba onse makumi anayi tsiku limodzi, lomwe kunagwa mvula yoyamba, ndipo mbewu yonse inatayikira m'mizere, njere imodzi paphando, motalikirana bwino, n'kukwiririka. Pofika nthawi yolemba lipotilo, mphatso ya mfumu inali itafika m'mawondo, yobiriwira, ndipo panalibe pulasitiki yokwanira kufunditsa midzi makumi anayi.

Bwalo linakhala masiku awiri kukambirana. Linagamula kuti vuto ndi kuchepa kwa zipangizo zamakono, ndipo mwezi wotsatira ku Dikirani kunamvekanso malipenga. Apolisi anayi anatsitsa msampha wa mbewa wachitsulo, wochokera kunja, wokutidwa bwino mpaka kukamwa. Mpaka lero sunagwirepo mbewa, komanso sunachitepo dzimbiri. Nasimango amaupukuta Lolemba lililonse.